Mukamapereka mankhwala a TB, funsaninso za mankhwala ena

Anzanga amene mukuphunzira unamwino, nkhani yathu lero ndi ya mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB. Palibe mmodzi mwa inu amene adzamalize maphunziro ake asanawagwire m'manja mankhwala amenewa. Kaya mudzatumizidwa ku chipatala chachikulu ngati cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kaya ku chipatala chaching'ono cha kumudzi kumene namwino amagwira ntchito ya anthu atatu, odwala TB mudzawapeza.

Mukudziwa kale kuti munthu amene wapezeka ndi TB yosavuta amamwa mankhwala kwa miyezi 6. Miyezi 2 yoyambirira amamwa mitundu inayi yophatikizidwa m'piritsi limodzi: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol. Miyezi 4 yotsatira amapitiriza ndi rifampicin ndi isoniazid basi. Izi mumaziloweza, ndipo pa mayeso mumakhoza. Koma pali funso limodzi lomwe ophunzira ambiri amaliiwala akafika pa wodi, funso lake ndi ili: kodi wodwalayu akumwanso mankhwala ena ati?

Chifukwa chofunsira funso limeneli ndi rifampicin. Mankhwala ambiri amene timamwa amakaphwanyidwa m'chiwindi asanatuluke m'thupi. Rifampicin amachititsa chiwindi kugwira ntchito imeneyi mofulumira kwambiri, ngati chigayo chomwe achiwonjezera liwiro. Tsono mankhwala ena amene munthuyo akumwa amaphwanyidwa msanga, nachoka m'magazi asanamalize ntchito yawo. Wodwala samva kupweteka kulikonse, ndipo pakhungu sipaoneka kanthu. Iye amamwa mapiritsi ake mokhulupirika tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti mphamvu yake yachepa. Zimenezi zimakula pang'onopang'ono m'sabata imodzi kapena ziwiri zoyambirira, ndipo sizithera tsiku lomwelo munthu akasiya kumwa rifampicin.

Tiyambe ndi nkhani ya kulera, chifukwa ndi imene imabweretsa misozi m'mabanja. Mapiritsi olera, a mitundu yonse iwiri, amachepa mphamvu mayi akamamwa rifampicin. Chimodzimodzinso njira ya pamkono, monga Jadelle ndi Implanon. Ganizirani mayi amene ali ndi mwana wa chaka chimodzi kumsana, thupi latha ndi chifuwa, anamuika njira ya pamkono namuuza kuti akhala zaka asanatenge pathupi. Patapita miyezi inayi akupezeka ali woyembekezera. Mwamuna wake akuti anakachotsetsa mobisa. Anzake kumjigo akuti njira zolera n'zabodza, ndipo ena atatu apita kukachotsetsa zawo. Zonsezi gwero lake ndi loti tsiku loyamba palibe amene anafunsa.

Kafunsidwe kake nakonso n'kofunika. Mukangoti, "Mayi, mukumwa mankhwala ena?" ambiri ayankha kuti ayi, ndipo sakunama. Kwa iwo chinthu chomwe chili pamkono si mankhwala, pakuti sachimwa. Funsani molunjika kuti, "Mayi, kodi mukulera? Mukugwiritsa ntchito njira yanji?" Funsani muli awiri, osati pa mzere pomwe apongozi ake akumva. Mtsikana wa sukulu mumufunsenso, ndipo nkhope yanu isaonetse kudabwa ndi yankho lake. Jakisoni wa Depo-Provera ndiponso lupu sizisokonezedwa ndi rifampicin, choncho mayiyo angathe kusinthira ku njira zimenezi. Ngati sakufuna kuchotsa ya pamkono, agwiritsenso ntchito makondomu nthawi yonse ya mankhwala a TB, ndiponso masiku 28 atamaliza. Apa ndi bwino bambo aitanidwe adzamve okha, ngati mayiyo walola. Mankhwala oteteza TB amene amamwedwa kamodzi pa sabata kwa miyezi 3 ali ndi rifapentine, amene ndi mbale wake wa rifampicin, ndipo naye amachepetsa mphamvu ya njira zomwezi.

Nanga akapezeka kuti ali kale ndi pathupi? Asasiye mankhwala a TB. Mitundu inayi ija imaperekedwa ndithu kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndipo TB yosachizidwa ndiyo yoopsa kwa mayi ndi mwana yemwe.

Tsopano tibwere ku ma ARV. Odwala TB ambiri kuno kwathu alinso ndi kachirombo ka HIV. Kuyambira m'chaka cha 2019 dziko lathu linayamba kusinthira anthu ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, aja mumawaona olembedwa kuti 13A. Rifampicin amachepetsa kwambiri dolutegravir m'magazi. N'chifukwa chake munthu wamkulu amene akumwa zonse ziwiri amapatsidwa piritsi lina lapadera la dolutegravir la 50 mg, loti azimwa patapita maola 12 kuchokera pamene wamwa piritsi lake la masiku onse. Piritsi lowonjezerali likaiwalika, kachirombo kamapeza mpata wochulukana ndi kuzolowera mankhwala. Vuto ndi loti nthawi zambiri mankhwala a TB amalandirira chipinda china, ma ARV chipinda china, mwinanso chipatala china. Wa uku amaganiza kuti wa uko wapereka. Inu musaganize, tsegulani buku lake la kuchipatala muone, ndipo muuzeni wodwalayo akuonetseni mabotolo onse amene ali nawo. Ena amabisa zoti ali pa ma ARV chifukwa cha manyazi, makamaka ngati namwino ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Muwatsimikizire kuti zomwe anena zithera m'chipindamo.

Dolutegravir ali ndi mdani winanso amene amagulidwa popanda kalata ya dokotala. Munthu akamva chilungulira amathamangira kukagula mapiritsi otafuna a magnesium trisilicate. Mapiritsi amenewa amagwirana ndi dolutegravir m'mimba momwemo, mwakuti salowa bwino m'magazi. Mapiritsi owonjezera magazi amene timapereka ku sikelo ya amayi oyembekezera, ndi a calcium, amachitanso chimodzimodzi akamwedwa pamodzi ndi dolutegravir m'mimba muli mopanda kanthu. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: amwe dolutegravir maola 2 asanamwe mapiritsi enawo, kapena maola 6 atawamwa. Kwa wodwala musatchule maola okha, pakuti si onse ali ndi wotchi. Mugwirizane naye potengera zochita zake, monga podzuka, pa nkhomaliro ndi pogona.

Palinso odwala matenda okhalitsa. Mankhwala a BP monga nifedipine ndi amlodipine amachepa mphamvu ndi rifampicin, choncho muyezeni BP ulendo uliwonse akabwera. Wodwala shuga amene akumwa glibenclamide angaone shuga wake akukwera. Wa khunyu ndi wa warfarin asayambe mankhwala a TB dokotala asanadziwe, chifukwa milingo yawo imafuna kuonedwanso. Inu simusintha mlingo pa nokha. Ntchito yanu ndi kuzindikira, kulemba, ndi kukauza sisitala wamkulu wa pa wodi kapena dokotala tsiku lomwelo.

Za mankhwala azitsamba, ine maganizo anga ndi oti kukalipa sikuthandiza. Munthu amene watsokomola miyezi itatu nthawi zambiri amakhala atapitako kwa asing'anga, ndipo botolo lili pansi pa bedi. Mukamukalipira, sasiya kumwa, amangosiya kukuuzani. Mufotokozereni kuti chiwindi chake chili kale ndi katundu wolemera, ndipo sitikudziwa zomwe zili m'botolomo. Zomwezo munene pa za mowa, kaya ndi kachasu, kaya ndi masese, ndiponso pa za Panado womwa mosawerenga.

Ndatchula chiwindi kambirimbiri chifukwa mwa mankhwala anayi aja, atatu angathe kuchivulaza: isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide. Apa m'pamene maso a namwino amapulumutsa moyo. Muuzeni wodwala tsiku loyamba kuti mkodzo wake, thukuta, ngakhale misozi, zidzakhala zofiirira ngati madzi a malalanje. Zimenezi n'zochokera ku mtundu wa rifampicin, sizoopsa. Mukapanda kumuchenjeza, adzaganiza kuti akukodza magazi nataya mapiritsi kuchimbudzi. Koma pali ngozi ina mbali inayi. Wodwala amene wauzidwa kuti kusintha kwa mkodzo si kanthu angathe kunyozera chizindikiro chenicheni. Mkodzo wa bii ngati tiyi wopanda mkaka, pamodzi ndi nseru yosatha, kusanza, kusafuna chakudya, kupweteka pansi pa nthiti kumanja, ndi maso achikasu, zimenezi zikusonyeza kuti chiwindi chavulala. Maso muziwaona pa kuwala kwa dzuwa, pafupi ndi zenera, chifukwa getsi la m'chipinda limanamiza. Mukaona chikasu musapereke mankhwala a tsikulo. Kamuitaneni dokotala, magazi akayezedwe. Khalani tcheru makamaka ndi okalamba, omwa mowa, onyentchera, ndi amene ali ndi HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B.

Isoniazid amadya vitamini B6 m'thupi, ndipo wodwala amayamba kumva dzanzi, kubayabaya kapena moto ku mapazi, makamaka usiku. Ambiri sanena pokhapokha mutawafunsa, ena amati awaponda ndi mankhwala pa njira. N'chifukwa chake timapereka pyridoxine. Kapiritsi kameneka anthu amakaderera, ndipo kakatha m'nkhokwe sikadandaulidwa ngati enawo, koma mitsempha ikaonongeka kwambiri sibwerera msanga. Pyrazinamide amapweteketsa m'mfundo za mafupa, zomwe kawirikawiri zimatheka kupirira. Ethambutol ndiye wa maso. Funsani mwezi uliwonse ngati wodwala akuona monga kale. Mayi angakuuzeni kuti akulephera kulowetsa ulusi pa singano, bambo anganene kuti zilembo za m'Baibulo zikuoneka mwa chimbuuzi. Muonetseni chinthu chofiira ndi china chobiriwira muone ngati akusiyanitsa. Akalephera, ethambutol aimitsidwe ndipo aonedwe ndi dokotala mwamsanga, makamaka ngati alinso ndi vuto la impso.

Kuyabwa pang'ono kwa khungu kumachitika. Koma zidzolo zofalikira thupi lonse, pamodzi ndi kutentha thupi, matuza, kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso, ndi matenda a changu, osadikira m'mawa. Kumbukirani kuti wodwalayo mwina akumwanso Bactrim, amene naye amatha kuchita zomwezo, choncho lembani mankhwala onse ndi tsiku limene anayamba aliwonse. Anamwino achikulire angakusimbireni za thiacetazone, mankhwala a TB amene ankagwiritsidwa ntchito kale. Ankasupula khungu anthu a HIV mpaka ena kumwalira, ndipo anasiyidwa chifukwa azaumoyo m'mayiko ambiri anaona, analemba, nanena. Masiku ano malipoti otere amapita ku bungwe loona za mankhwala la PMRA. Funsani pa wodi panu kumene mafomu ake amasungidwa, ndipo mudzaze ngakhale mukungokayikira chabe.

Musaiwale sikelo. Chiwerengero cha mapiritsi a TB chimatengera kulemera kwa munthu. Wodwala akayamba kuchira amanenepa, ndipo mapiritsi amene ankamukwanira mwezi woyamba angakhale operewera mwezi wachitatu. Kwa ana izi zimachitika mofulumira kwambiri. Muyezeni ulendo uliwonse, osangokopera nambala ya mwezi watha.

Tsiku lomaliza mankhwala limakhala la chimwemwe, koma ntchito yanu imakhala isanathe. Chiwindi chimatenga pafupifupi sabata ziwiri kuti chibwerere pa liwiro lake lakale. Choncho piritsi lowonjezera la dolutegravir lipitirire sabata zina ziwiri, kenako lisiyidwe. Amene anamuonjezera mankhwala a BP kapena a shuga nthawi ya TB aonedwenso, chifukwa mlingo womwe unali woyenera uja tsopano ungakhale wochuluka, munthu n'kuyamba chizungulire kapena kukomoka. Mayi uja wa njira ya pamkono mumuwerengere masiku 28 pa kalendala, mumuuze tsiku lake lenileni, ndipo mulilembe m'buku lake la kuchipatala kuti namwino wa ku chipinda cha zakulera adzalione.