Madzi a Likhubula ndi ndalama za ku Alaska: mawu a pa msonkhano wathu

Ku Alaska, m'dziko la America, boma linatsegula thumba mu 1976 loti lizisungamo gawo la ndalama zochokera ku mafuta a pansi. Kuyambira 1982 munthu wokhazikika kumeneko, ngakhale khanda, amalandira kangachepe chaka chilichonse. Ulendo woyamba anali madola 1,000 aliyense. Mvetsetsani apa: amagawana phindu lokha, mpamba umakhala m'thumbamo kudikira ana obadwa mawa.

Tsono kwathu kuno bwanji? Madzi a Likhubula amayenda m'mapaipi mpaka ku Blantyre, ndipo kumeneko anthu amalipira mabilu. Mkungudza wa m'phirimu watsala pang'ono kutheratu, koma tandiuzani mudzi umene unalemera nawo. Nkhani yokumba bauxite pa Lichenya nayo imangozima n'kuyakanso.

Zogawana ndalama m'manja kuno zingavute. Anthu a ku Alaska safika miliyoni imodzi, pamene Amalawi kalembera wa 2018 anatipeza tikupitirira 17 miliyoni. Koma thumba la boma la Mulanje, lolembedwa m'malamulo, lomangira mijigo ndi kulipirira ana fizi, likanika pati?

Msonkhano wa ADC ukubwerawu tisakangokhala kumbuyo n'kumaomba m'manja. Tisankhe anthu awiri lero akafunse kuti pa madziwo Mulanje amatsala ndi zingati.