Za Kusankha Makina Okulungira Cingwe ca Mbedza: Mau a kwa Asodzi a pa Makuzi

Kondoole wopanda nsomba satsika kukhosi. Cifukwa cace mlimi wa cinangwa wa kuno ayenera kudziwa za m'nyanja monga adziwa za m'munda. Masiku ano anyamata obwera ku Joni afika ndi makina okulungira cingwe, amene ogulitsa awacha reel, ndipo ambiri a inu mufuna kugula. Mtengo wace ndi waukuru, ndipo munthu akasankha molakwa wataya thukuta la caka conse. Tsono mverani.

1. Yambani mwaidziwa nyanja

Nyanja yathu ndi yakuya koposa mbali ino ya kumpoto, kumene malo ena ifika mamita 700. Koma nsomba sizikhala pansi ponsepo iai. Kupitirira mamita 200 kapena 250 madzi alibe mpweya umene nsomba zipuma, cotero kugula cingwe cofika kumeneko ndi kutaya ndalama cabe. Kampango ndi bombe asakidwa pafupi ndi pansi, pamene ncheni ziyenda pakati pa madzi kuthamangitsa usipa. Izi ndi nchito ziwiri zosiyana, ndipo yonse iri ndi cida cace.

2. Magiya ndi ciani?

M'kati mwa makinawa muli timagudumu ta mano, ndito magiya. Pa makina kapena pa bokosi lace palembedwa manambala monga 3:1 kapena 6:1. Tanthauzo lace ndi ili: pa 3:1, mukapukusa dzanja kamodzi gudumu la cingwe lizungulira katatu, pa 6:1 lizungulira kasanu ndi kamodzi.

Tiyese kuwerenga. Gudumu likakhala la masentimita 15 polizinga, makina a 3:1 akulunga masentimita 45 pa kupukusa kumodzi, ndipo a 6:1 akulunga masentimita 90. Pokweza cingwe ca mamita 90, oyambawo afuna kupukusa ka 200, enawo ka 100 kokha. Pamenepo wina adzati, "Ndigula a 6:1." Koma taimani. Cimene mwapindula pa liwiro mucilipira ndi mkono, pakuti katundu yemweyo alemera kawiri pa dzanja. Aliyense wopalasa njinga ya magiya adziwa kuti giya yothamangira pa cigwa siikwera nayo phiri. Kampango wamkuru ali pansi ndiye phirilo.

3. Sankhani monga mwa nchito yanu

Wofuna kampango ndi bombe pa madzi akuya, ndi mtobvu wolemera, agule makina a 3:1 kapena 4:1. Akweza pang'onopang'ono, koma satopetsa, ndipo mano ace sakumana ndi cintchito coposa mphamvu yao. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Wokoka nyambo pambuyo pa bwato kufuna ncheni angathe kutenga a 5:1 kapena 6:1, pakuti nsomba imeneyi njopepuka ndi yaliwiro, ndipo cingwe cikalekerera mbedza icoka. Alipo makina ena a magiya awiri, yofulumira ndi yamphamvu, koma mtengo wace ngwoposa, ndipo akaonongeka zitsulo zace zibvuta kupeza.

Musayang'ane manambala okha. Yang'anani ukuru wa gudumu, pakuti gudumu laling'ono, lingakhale la 6:1, likulunga cingwe cocepa. Ndiponso cingwe cikaturuka cambiri gudumu licepa, ndipo kupukusa kumodzi kubweza cocepa kuposa poyamba. Gulani makina olowa cingwe cotalika kawiri kuposa kuya kwa malo anu. Kumbukirani kuti cingwe cokokedwa pambuyo pa bwato cipendekeka. Mukaturutsa mamita 60 musaganize kuti nyambo yatsika mamita 60. Onjezani mtobvu ndi kupalasa modekha kuti itsike.

4. Buleki wa makina

Makina abwino ali ndi buleki wolola cingwe kuturuka nsomba ikakoka kwambiri, kuti cisaduke. Mumange pa gawo limodzi la magawo atatu kapena anai a mphamvu ya cingwe. Sikelo simusowa: lita imodzi ya madzi ilemera kilo imodzi. Ngati cingwe canu ciduka pa makilo 20, mangirirani cigubu ca malita 5 codzala madzi, ndipo konzani buleki kufikira cingwe ciyamba kuturuka pang'ono ponyamula cigubuco. Mdani wa makina pano ndiye mcenga. Musawagoneke pa gombe. Apukuteni, thirani mafuta m'magiya, koma buleki asakhudze mafuta a galimoto.

5. Za khuleya

Cingwe cacitali ca mbedza zambiri, cimene ticha khuleya, sicikwezedwa ndi makina ang'onoang'ono awa. Wocikweza aima pa mbedza iri yonse kucotsa nsomba, ndipo liwiro pamenepo lingolasitsa dzanja. Cikokeni ndi manja monga kale, ndi kuyala mbedza bwino m'mbali mwa bokosi.

Pa cingwe cimodzi cotsika kwakuya, mmisiri wa matabwa angathe kukupangirani gudumu la mtengo lopanda magiya, monga acita asodzi a ku Samoa ndi zisumbu zina za nyanja ya Pacific. Likakhala la mita imodzi polizinga, mamita 90 akwera ndi kupukusa ka 90. Ndipo copukusira cikatalika kuposa theka la kupingasa kwa gudumu, katundu apepuka. Likathyoka likonzedwa pamudzi pompano. Koma limangidwe m'boti la matabwa, pakuti bwato wosema ungagubuduke nsomba ikakokera mbali imodzi.

6. Mau a kwa mafumu

Cida cabwino cipha zambiri, ndipo apa pafunika nzeru zanu. Kampango alera ana ace pa cisa, ndipo wamkazi awadyetsa mazira ace. Mukapha kholo mwapha ndi ana omwe. Nsomba imeneyi yacepa m'nyanja. Lamulo la za nsomba la 1997 linatsegula njira yoti midzi isamale nsomba pamodzi ndi Boma, ndipo alipo makomiti a m'madoko. Panganani nao za malo oswerana ndi za ukuru wa mbedza, kuti mbedza zazing'ono zisamalize ana.

Ndiponso letsani anyamata kupita kutali m'miyezi ya mwera, kuyambira May kufikira August, thambo lisanaonedwe bwino. Nsomba ikakoka koposa ndi mafunde ali kukula, dulani cingwe. Cingwe cigulidwa ku sitolo ya pa Chintheche, koma mwana wa munthu sagulidwa.

Amene afuna kugula makina ayambe wayesa kuya kwa malo ace ndi mwala pa cingwe, adziwe nsomba imene afuna, ndipo pamenepo aturutse ndalama.