Mwana Wanga Anajambulidwa, Nanga Ndalama Zili Kuti?

Usiku uno ndifuna kukamba nanu, makamaka inu makolo ndi mafumu, za ana amene amajambulidwa zithunzi m'midzi kuti apeze munthu wa kunja wowathandiza. Nkhani imeneyi yadanitsapo anthu apachibale, choncho ndi bwino tiimvetse.

Ana oyamba kuthandizidwa motere sanali a kuno ayi, anali a ku Ulaya. M'chaka cha 1937, nkhondo ili kusautsa dziko la Spain, mtolankhani wa ku Britain, John Langdon-Davies, anapempha anthu kuti aliyense atenge mwana mmodzi wovutika, azimulipirira chakudya ndi pogona, ndi kumalemberana naye makalata. Bungwe limene linayamba pamenepo ndilo lero litchedwa Plan International. Nalo la World Vision linatsata njira yomweyo mu 1953 chifukwa cha ana amasiye a nkhondo ya ku Korea. Onse awiri agwira ntchito muno m'Malawi zaka zambiri.

Tsono funso lanu ndi lakuti, mwana anajambulidwa, kalata inabwera, nanga ndalama zili kuti? Mverani bwino. Mabungwe awiriwa sapereka ndalamazo m'manja mwa mwana kapena makolo ake. Amazisonkhanitsa pamodzi, nakumba mjigo, namanga chipinda cha sukulu, naphunzitsa anthu a m'mudzi za ukhondo. Chifukwa chake n'chakuti umphawi wa mwana sukhala wa iye yekha. Mungamugulire nsapato zokongola, koma akamamwa madzi a m'dambo adzatsegula m'mimba monga anzake onse. Ndiponso kupatsa mwana mmodzi, wa nyumba yoyandikana ali kuyang'ana, kumabala nsanje. Alipo mabungwe ena amene amalipirira mwana payekha fizi, yunifolomu ndi mankhwala. Chotero bungwe likafika kwanu, funsani pa msonkhano woyamba, mudziwe njira yake musanayambe kukayikirana.

Kodi chithandizo chotere chili ndi phindu? Mu 2013 akatswiri anafalitsa zimene anapeza m'maiko 6, kuphatikizapo Kenya ndi Uganda, pa ana amene anathandizidwa ndi bungwe la Compassion International. Anawo atakula, anapezeka kuti anakhala pa sukulu nthawi yoposa chaka chimodzi kupambana anzao. Taonani kuti phindulo linaoneka pa sukulu. Kuno kwathu fizi ya ku pulayimale inachotsedwa mu 1994, komabe mwana amajomba chifukwa cha njala, kusowa sopo ndi kope, kapena ganyu ya m'munda mwa eni. Kholo limene lichotsa mwana pa sukulu pokwiya kuti ndalama sizinabwere, lilanga mwana wake yemwe.

Musasokoneze zimenezi ndi Mtukula Pakhomo. Imeneyo ndi ntchito ya Boma, inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo ndiyo ipereka ndalama m'manja mwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito.

Kalata ikafika, mulekeni mwana ayankhe yekha, anene za sukulu yake, za mvula ndi za mbuzi. Musamuuze kuti apemphe njinga. Ndipo munthu akabwera nanena kuti mulipire kanthu kuti alembe dzina la mwana wanu, musampatse ngakhale tambala. Kamuneneni kwa amfumu kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma kwanu. Tsalani bwino.