Galimoto ya Mlimi Ikayamba Kumwa Petulo Mopitirira

Mau a kwa alimi a m'boma la Chipata ndi maboma oyandikana nalo

Nkhani ya lero si ya mbeu kapena ya feteleza ai, koma ya cinthu cina cimene cimadya phindu la mbeuzo mwakacetecete. Kale mlimi akakolola anali kudalira ngolo ndi ng'ombe, kapena kudikira lole ya wogula. Masiku ano m'midzi yambiri muli kagalimoto, njinga yamoto, kapena kainjini kopopera madzi kudimba. Zonsezi zimamwa petulo, ndipo petuloyo agulidwa ndi ndalama za nshawa, thonje, soya ndi cimanga. Injini ikayamba kumwa mopitirira muyeso, mlimi amataya matumba a dzinthu asanafike nao n'komwe ku depoti ya Food Reserve Agency kapena kumsika wa Kapata.

Poyamba mlimi adziwe kuti injini siyenda ndi petulo yekha. Imayenda ndi petulo wosakanizidwa ndi mpweya, ndipo mpweya ndiwo ucuruka kwambiri. Kuti petulo wolemera kilogalamu imodzi apse bwino, pafunika mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Kunena mwa njira yina, lita imodzi ya petulo ifuna mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000, ndiwo madiramu 45 a malita 200. Petulo akacuruka kapena mpweya ukacepa, wina sapsa. Amasanduka mwaye, kapena amaturuka kuekizosi ali wosapsa. Mai ali yense amene anayatsapo nyali ya parafini adziwa zimenezi. Cingwe ca nyali cikakwezedwa kwambiri, galasi limada, utsi umanunkha, parafini amatha msanga, koma kuwala sikuonjezeka. Injini yolandira petulo wambiri iri cimodzimodzi: imamwa kwambiri, koma pacikweza imalefuka.

Tsono mwini galimoto asathamangire kugula zitsulo zatsopano asanatsimikize kuti nthenda ndi imeneyi. Ayambe wayesa. Adzaze thanki mpaka pakamwa, alembe nambala ya makilomita, ayende maulendo ake, nadzazenso pamalo omwewo. Makilomita amene wayenda awagawe ndi malita amene waonjezera. Kucokera ku Chipata kukafika ku Lusaka pa mseu wa Great East pali makilomita pafupifupi 570. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi ifuna malita 48 pa ulendowo. Ikatsika kufika pa makilomita 9, ifuna malita 63. Kupita ndi kubwera, malita 30 apita pacabe. Komatu kumwa kwambiri pa kokha si umboni wokwanira. Mataya ocepa mpweya, mabuleki ogwira, paipi yodontha pansi, ndi katundu wopitirira muyeso, monga acitira ena pa nyengo ya misika, zonsezi zimatha petulo ngakhale injini iri bwinobwino.

Umboni weniweni uli pa utsi, pa mapulagi ndi pa oilo. Utsi wakuda wonunkha petulo, woluma m'maso, usonyeza kuti petulo wacuruka. Utsi wobiriwira ngati wa mtambo usonyeza kuti injini ikutentha oilo, ndipo utsi woyera umene suleka ngakhale injini yatentha usonyeza kuti madzi akulowa m'masilinda. Nthenda zitatuzi nzosiyana, ndipo mankhwala a yina sacita kanthu pa inzake. Kanthunzi koyera kamene kamaoneka m'mawa wa Juni ndi Julayi, n'kuleka patapita mphindi zowerengeka, sikayenera kudetsa nkhawa munthu.

Mapulagi ndiwo mboni yosanama. Injini itazizira, mwini ace acotse mapulagi onse ndi kuwandandalika monga mwa masilinda ao, osawasokoneza. Pulagi ya injini yabwino imaoneka yofiirira pang'ono, ngati dothi louma. Ikakhala ndi mwaye wakuda wouma, wocoka ndi cala monga wa kunsi kwa mphika, petulo wacuruka. Ikakhala yakuda koma yonyowa ndi yonata, ameneyo ndi oilo. Ikayera mbuu, petulo wacepa, ndipo pamenepo pali ngozi yina, pakuti injini yotero imatentha kopambana. Cinanso cofunika kuona nciwerengero. Mapulagi onse akada pamodzi, colakwa ciri pa cinthu cimene cimatumikira injini yonse. Ikada imodzi yokha, colakwa ciri pa silinda imeneyo, ndipo kawirikawiri si petulo amene wacuruka koma moto ndiwo wafooka, cifukwa ca waya, koilo kapena pulagi yomweyo. Ambiri apasula kabuleta yopanda cifukwa pamene cofunika cinali waya umodzi.

Pomaliza asolole kamtengo koyesera oilo ndi kununkhiza. Oilo akanunkha petulo, akapyapyala ngati madzi, kapena akaoneka kuti wakwera pamene munthu sanaonjezere, ndiye kuti petulo wosapsa akutsikira pansi kudzera m'mbali mwa mapisitoni. Apa mpamene pali ngozi yaikuru koposa kutha kwa ndalama za petulo. Petulo amatsuka oilo m'makoma a silinda, zitsulo zimakhulana zouma, ndipo injini imene ikadagwira nchito zaka zambiri imatha m'nyengo imodzi kapena ziwiri.

Nthenda itadziwika, funso lotsatira ndi lakuti: kodi injiniyo nja kabuleta, kapena nja mainjekita olamulidwa ndi kompyuta? Magalimoto akale, njinga zamoto zambiri, majenereta ang'onoang'ono ndi mainjini a kudimba ali ndi kabuleta. Magalimoto ogwiritsidwapo kale nchito amene afika kuno kucokera ku Japan, pafupifupi onse ali ndi mainjekita.

Pa injini ya kabuleta, ciyambi ndi choki. Nchito yace ndi kutseka mpweya kuti injini yozizira ilire msanga, ndipo iyenera kutseguka yonse injini ikafunda. Waya wace ukacita dzimbiri, choki imatsala yotsekeka pang'ono tsiku lonse. Kuona zimenezi sikulira ndalama: kungocotsa cotsekera ndi kusuzumira. Cotsatira ndi sefa ya mpweya. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, miseu ya kumidzi imakhala fumbi lokhalokha, ndipo galimoto yotsatira lole pa mseu wotero imameza fumbi losaneneka. Sefa ikatsekeka, injini imakoka mpweya movutika, nikoka petulo wocuruka m'malo mwace. Sefa ya pepala igogodwe pang'onopang'ono kapena isinthidwe. Isatsukidwe ndi madzi kapena petulo. Sefa ya siponji ya pa kainjini ka kudimba itsukidwe ndi sopo, iume, ndipo ipakidwe oilo wapang'ono cabe, pakuti oilo wocuruka amaitsekanso. Wofuna kutsimikiza acotse sefayo kwa mphindi zocepa pamalo opanda fumbi. Utsi wakuda ukaleka, wapeza colakwa. Koma asayende nayo galimoto yopanda sefa, cifukwa fumbi limapala injini ngati tupa.

M'kati mwa kabuleta muli kambale ka petulo, ndi fuloti imene imayandama pamwamba n'kutseka kasingano petulo akakwana. Fuloti ikabooka imamira, ndipo kasingano kakatha kapena kakagwidwa ndi kamcenga sikatseka. Petulo amasefukira, nthawi zina mpaka kudontha panja. Fuloti yobooka imamveka petulo m'kati munthu akaigwedeza pafupi ndi khutu. Kamcenga kameneka kamabwera kawirikawiri ndi petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo osatsuka. Alimi a madimba akumbukirenso kutseka kampopi ka petulo ponyamula injini pa ngolo, pakuti kugwedezeka kwa pa mseu kumatsegula kasingano, petulo n'kutsikira mu oilo.

Pali cizolowezi cina coipa cimene ciyenera kuchulidwa poyera. Ena potsuka kabuleta amatokosa jeti, ndiyo kabowo kopimira petulo, ndi waya kapena singano. Jeti nja mkuwa wofewa, ndipo ikangokula pang'ono, ngakhale diso silingaone, injini imamwa mopitirira masiku ace onse. Jeti ipemereredwe ndi mpweya basi. Ndiponso kasikuluwu ka pambali pa kabuleta, kamene anthu amakonda kupotokola, kamalamulira petulo makamaka pamene injini ikulira galimoto itaima. Sikangaciritse injini yofuka utsi pacikweza.

Anthu a kuno ali ndi cifukwa cina capadera. Mzinda wa Chipata uli pamtunda wa mamita oposa 1,100 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo pamtunda wotero mpweya umapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kabuleta imene inakonzedwera maiko a m'mphepete mwa nyanja imapereka petulo yemwe uja pa mpweya wocepa, cotero injini ingathe kudetsa mapulagi ngakhale iri yatsopano. Madalaivala ena amaona kuti galimoto yakale imakoka bwino ikatsikira ku Mfuwe, m'cigwa ca Luangwa, nilefukanso pokwera kubwerera. Cifukwa cace ncomweci. Makanika wodziwa nchito angathe kuika jeti yocepa pang'ono, koma asacepetse kwambiri, makamaka ngati injiniyo idzagwiranso nchito kucigwa.

Injini ya mainjekita imadzikonzera yokha za kutalika kwa malo, pakuti kompyuta imayesa mpweya wolowa. Pa injini yotere sefa yakuda imacepetsa mphamvu koposa kucurukitsa petulo. Vuto lace ndi lina: kompyuta siona, imangomva zimene masensa aiuza, ndipo ikanamizidwa imathira petulo monga mwa bodzalo.

Bodza lalikuru kwambiri m'dziko muno licokera pa themositati. Amakanika ambiri amaicotsa, nanena kuti inapangidwira maiko ozizira. Zimenezi nzolakwa. Themositati imatsekereza madzi kufikira injini itafunda, ndipo m'magalimoto ambiri a ku Japan imatseguka kutentha kukafika pa madigiri 82 kapena pafupi pamenepo. Ikacotsedwa, madzi amazungulira m'radiyeta kuyambira pomwe injini yalira, injini sifunda bwino, ndipo kompyuta imapitiriza kuthira petulo wa m'mawa, monga choki yoiwalika. Cizindikiro cace ndi singano ya kutentha imene imakhala pansi ulendo wonse, makamaka potsetsereka ndi usiku wa m'cisanu. Galimoto ikamawira, cofunika ndi kutsuka radiyeta ndi kuona fani, osati kutaya themositati. Sensa yoyesa kutentha kwa madzi ikafa, kapena waya wace ukaduka, zotsatira zace nzomwezo.

Sensa yina iri paekizosi, ndipo imanunkhiza utsi kuti idziwe ngati mpweya watsalamo. Inayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1976, pa Volvo, itapangidwa ndi kampani ya Bosch. Kale petulo wa mtovu anali kuipha msanga, koma maiko a kumwera kwa Sahara analeka petulo wotero pofika kuciyambi kwa 2006. Lero imafa ndi ukalamba, kapena ndi oilo ndi madzi olowa mu utsi. Koma isaweruzidwe msanga. Ekizosi ikang'ambika pakati pa injini ndi sensa, monga zicitikira pa miseu ya mabampu, mpweya wa panja umalowa, sensa imanena zoona kuti mpweya wacuruka, ndipo kompyuta imaonjeza petulo amene injini sinamfune. Kuocherera pong'ambikapo nkochipa koposa sensa yatsopano.

Injekita yodontha imadziwika ndi pulagi imodzi yakuda, ndi injini yovuta kulira itaima kanthawi iri yotentha. M'magalimoto ena muli cocepetsa mphamvu ya petulo cokhala ndi kapaipi ka mphira kopita ku injini. Kapaipi kameneka kakazulidwa kayenera kukhala kouma, ndipo kakapezeka ndi petulo ndiye kuti mphira wa m'kati wang'ambika.

Nyali ya injini ikayaka pa deshibodi, asaimate ndi tepi kapena kuzula babu. Magalaja ena m'tauni ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto. Nambala ya P0172 itanthauza kuti petulo wacuruka, koma sinena cimene cacurukitsa. Ndipo makanika amene angoona nambalayo n'kulamula sensa yatsopano sanathe nchito yace. Mwini galimoto apemphe kuti amuonetse kutentha kumene kompyuta ikuwerenga injini itayenda ndithu, ndi kucuruka kwa petulo amene ikucotsa. Ikamacotsa koposa magawo 10 pa 100 nthawi zonse, cinthu cina cikuthira petulo mobisa. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha: cisinthidwe cinthu cimodzi, galimoto iyesedwe, ndipo pamenepo mpamene cina cingakhudzidwe.

Pocita zonsezi injini isalizidwe m'nyumba kapena m'shedi yotseka. Injini yocuruka petulo imaturutsa mpweya wakupha wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba m'mwezi wa Juni. Fodya ndi moto zikhale kutali pomasula paipi ya petulo, ndipo paipi ya mainjekita imasulidwe ndi makanika, popeza petulo wa m'menemo amathovoka ndi mphamvu.

Eni mathirakita, zigayo ndi malole a dizilo adziwe kuti utsi wakuda pa injini zao ucokera kawirikawiri ku sefa yotsekeka, mainjekita otha, kapena katundu wolemera. Mapulagi oti awerenge mulibe.

Colakwa citakonzedwa, oilo wakale akhetsedwe pamodzi ndi fyuluta yace, ngakhale nthawi yace yosinthira isanakwane, pakuti petulo amene analowamo sacoka ndi kukonza kabuleta. Mapulagi atsukidwe kapena asinthidwe, ndipo thanki idzazidwenso mpaka pakamwa, kuti makilomita a pa lita imodzi alembedwe m'buku momwe mlimi amalembamo za mbeu ndi feteleza.