Zophunzitsira Ziri Kunja kwa Khomo

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi

Pali dandaulo limodzi limene limveka kawirikawiri pamene aphunzitsi a m'midzi akambirana za phunziro la zacilengedwe. Dandaulo lace ndi lakuti zipangizo palibe. Mabuku ndi ocepa, zithunzi zopacika pa khoma zinadyedwa ndi ciswe, magetsi sanafike, ndipo kompyuta ingomveka mbiri yace. Zonsezi nzoona, ndipo palibe wozikana. Koma phunziro iri lisiyana ndi maphunziro ena pa cinthu cimodzi, ndico cakuti zimene mwana ayenera kuziphunzira ziri pafupi ndi sukulu ya kumudzi koposa sukulu ya m'tauni. Mphunzitsi wa ku Lusaka akafuna kuonetsa ana dambo kapena nkhalango ayenera kuyamba wafuna galimoto ndi ndalama. Mphunzitsi wa kwa Kawaza kapena wa kwa Mwase angotsegula citseko.

Nkhaniyi si yongokometsera maphunziro iai. Akatswiri ayerekeza kuti dziko la Zambia litaya nkhalango yokwana mahekitala 250,000 kufikira 300,000 caka ndi caka, cifukwa ca kutsegula minda, kuotcha makala ndi kutema nkhuni. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, pakuti cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1,000,000 cinapserera m'minda. Ana ambiri amene akhala pa mabenchi lero adzakhala alimi, ndipo adzalima nthaka yomweyi. Mwana akatuluka sukulu wodziwa maina a mitsinje ya ku Ulaya, koma wosadziwa cifukwa cace citsime ca kwao ciphwa msanga koposa kale, sukulu yamumana cinthu cimene adzacifuna masiku onse.

Cipangizo coyamba ndico citini. Mphunzitsi apeze citini coongoka m'mbali, cimene kukamwa kwace ndi pansi pace zilingana, nacikhazike pa mtengo wozika pabwalo, kutali ndi denga ndi nthambi za mitengo. M'mawa uli wonse, pa nthawi imodzimodzi, ana awiri apime ndi rula madzi amene agweramo, nalembe mamilimita ace m'buku pamodzi ndi tsiku, ndipo atatero akhuthule madziwo. Tsiku lopanda mvula alembe 0, pakuti masiku ouma ndiwo amene mlimi afuna kuwadziwa kopambana. Cipimo cotere sicilingana kwenikweni ndi ca a zanyengo, koma cikwanira pa nchito ya sukulu.

M'citinimo muli masamu ambiri. Mvula ya milimita imodzi itanthauza lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Tsono ngati denga la kalasi liri mamita 9 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi, mvula ya mamilimita 30 igwetsa pa dengalo malita 1,890, ndiwo migolo 9 ya malita 210. Ana a Giredi 6 akawerenga okha zimenezi adabwa, ndipo funso lotsatira libwera lokha: madzi onsewo apita kuti? Apa mphunzitsi asayankhe ndi pakamwa. Mvula itakata atuluke nao, natsate njira ya madziwo kucokera pansi pa denga, kudutsa pabwalo, kufikira kumene akumba ngalande m'mbali mwa njira. Ana atunge madzi m'botolo loyera pamalo pamene nthaka iri poyera, ndi ena pamalo pamene pali udzu, nawaike pa zenera kufikira mawa. Matope okhala pansi pa botolo loyamba ndiwo munda wa munthu wina uli pa ulendo wopita ku mtsinje. Mwana amene waona zimenezi safunikanso kuloweza tanthauzo la kukokoloka kwa nthaka.

Buku la mvulalo likhale la sukulu, osati la mphunzitsi. Aphunzitsi asamutsidwa, koma buku litsale, ndipo pakapita zaka 10 mudzi umenewo udzakhala ndi mbiri ya mvula yace imene palibe ofesi ina iri yonse ingaupatse. Pamenepo mkangano wakuti kaya mvula iyamba mocedwa masiku ano udzakhala ndi mboni yolembedwa.

Cipangizo caciwiri nca mtengo wapatali koposa, ndipo ciri kutha msanga: ndico nzeru za akuluakulu a m'mudzi. Pali agogo amene sadziwa kulemba dzina lao, koma adziwa mitengo yoposa imene iri m'buku liri lonse la sukulu. Adziwa kuti mombo upatsa luzi lomangira nyumba, kuti muwanga ucita mizati yosadyedwa msanga ndi ciswe, kuti mlombwa ndiwo wa matabwa ndi zitseko, kuti masuku apsa pamene nkhokwe ziyamba kupepuka. Adziwa pansi pa mitengo iti pamera bowa wodyedwa, ndi mitengo iti ibala matondo ndi mphalabungu. Adziwa kutsata nsadzu, mbalame ija yotsogolera munthu ku njuci. Nkhalamba yotere ikamwalira, maina amenewa apita nayo kumanda, pakuti adzukulu ace anali kusukulu pamene iyo inali kuthengo. Ici ncinthu cimene sukulu yacita mosadziwa, ndipo sukulu yomweyo ikhoza kucikonza.

Njira yace njapafupi, koma ifuna ulemu. Mphunzitsi ayambe wapita kwa anyakwawa kukafotokoza colinga cace, kuti pasakhale wonena kuti sukulu iri kufufuza mankhwala a anthu. Pambuyo pace apemphe nkhalamba imodzi kapena ziwiri, mwamuna ndi mkazi, pakuti amai adziwa ndiwo za kuthengo ndi bowa zimene amuna sazidziwa, kuti ziyende ndi ana tsiku lina masana. Mphunzitsi tsiku limenelo akhale cete, nakhale wophunzira pamodzi ndi ana. Ndi mphunzitsi wodzikuza yekha amene aona manyazi pa ici. Mwana ali yense athyole tsamba limodzi la mtengo umene wauzidwa, nalipanikize pakati pa manyuzipepala akale pansi pa njerwa kufikira litauma. Kenaka alimate pa pepala, nalembe dzina la mtengo, malo amene umera, mwezi umene ubala, nchito zace, ndi dzina la wamkulu amene anamuuza. Mtengo umodzi ukapezeka ndi maina awiri, la Cicewa ndi la Cinsenga kapena la Citumbuka, onsewo alembedwe, ndipo palibe dzina lolakwa. Za mankhwala mphunzitsi acenjere: alembe kuti mtengo wakuti ugwira nchito ya mankhwala, koma asalole ana kulawa mizu kapena bowa amene sawadziwa.

Pali funso limodzi limene ana ayenera kufunsa akuluwo asanabwerere: ndi mitengo iti imene inali yambiri pano pa ubwana wao, imene lero isowa? Yankho lace ndilo phunziro la kutha kwa nkhalango, ndipo lituluka m'kamwa mwa munthu amene ana amdziwa.

Apa mpofunika cenjezo. M'kalasi iri yonse ya kumudzi muli mwana amene yunifolomu yace inagulidwa ndi ndalama za makala. Mphunzitsi akaimirira nayamba kunyoza ootcha makala ngati akuba, mwanayo aphunzira cinthu cimodzi cokha, cakuti sukulu inyoza atate wace. Nkwabwino kuti ana awerenge okha kuti uvuni umodzi udya mitengo ingati, thumba ligulidwa ndalama zingati pamseu, ndipo mtengo wotere utenga zaka zingati kuti ukule. Ayesenso kuwerenga zimene mitengo yomweyo ikadapatsa caka ndi caka ikadakhala ciriri: uci, bowa, masuku ndi matondo. Cimodzimodzinso ndi moto wolusa umene anyamata ayatsa posaka mbewa. Mphunzitsi awaonetse malo amene anapsa udzu ukali wauwisi, mvula itangotha, ndi malo amene anapsa mu Okutobala, kuti aone okha kumene timitengo tating'ono tapulumuka. Ana a makalasi apamwamba auzidwenso kuti lamulo la nkhalango la caka ca 2015 lilola anthu a m'mudzi kupanga gulu lozindikiridwa ndi Boma losamalira nkhalango yao ndi kupindula nayo. Makolo ambiri sanamvepo za lamuloli.

Thandizo locokera kunja liriponso. Bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia, limene linayamba mu 1953 ndi dzina lina, linakhazikitsa makalabu a Chongololo m'sukulu za pulaimale mu 1972, ndipo mu 1978 pulogalamu yace inayamba kumveka pa wailesi. Dzinalo ndi la kacirombo kaja ka miyendo yambiri kamene Acewa akacha bongololo. Ena mwa aphunzitsi amene ali muno anali mamembala a makalabu amenewa pa ubwana wao, nawerenga magazini yace. Mphunzitsi wofuna kuyambitsa kalabu alembere bungwelo kalata. Koma kalabu imene nchito yace ndiyo kusesa pabwalo pokha ifa msanga, cifukwa ana aiona ngati cibalo.

Sukulu za m'cigwa ca Luangwa ziri ndi mwai wina. Pafupi ndi Mfuwe pali Chipembele Wildlife Education Trust, imene inatsegula nyumba yace yophunzitsiramo ana za nyama mu 2001. Dzina limeneli liri ndi mbiri yowawa. Zipembere zinali zikwizikwi m'cigwa ca Luangwa, koma opha nyama mobisa anazitha cifukwa ca nyanga zace, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia simunatsale cipembere cakuda ncimodzi comwe. Mu 2003 zipembere 5 zinabwera pa ndege kucokera ku South Africa kudzayambanso mtundu ku North Luangwa. Mwana amvetsa nkhaniyi mosabvuta: nyama imene agogo ace anaiona ikumwa madzi pa mtsinje inacita kukatengedwa ku dziko lina. South Luangwa, imene inakhala paki mu 1972, ndi yaikulu makilomita 9,050 m'bwalo lace lonse, ndipo m'cigwa cimeneco muli mtundu wa nyamalikiti wochedwa Thornicroft umene supezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi. Ncomvetsa cisoni kuti alendo acokera ku London kudzaiona, pamene ana ambiri a ku Chipata ndi ku Katete akula osaiona.

Koma mphunzitsi wa m'cigwamo asaiwale kuti mwana wa kwa Kakumbi kapena wa kwa Nsefu adziwa njobvu mwa njira imene mlendo saidziwa. Kwa iye njobvu ndiyo inadya munda wa amai wace usiku umodzi, ndiyo imcedwetsa kufika kusukulu m'mawa ikaima pa njira. Kumuimbitsa nyimbo zotamanda njobvu osachula zimenezi ndiko kumuphunzitsa kunama. Mphunzitsi abvomereze poyera kuti bvutolo liripo, nakambe ndi ana za njira zimene alimi ayesa, monga kucinga minda ndi tsabola wowawa ndi kumanga nkhokwe za njerwa, ndiponso za nchito zimene nyamazo zabweretsa m'cigwa. Ana aweruze okha.

Kwatsala nkhani ya nazale. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala, ndipo sukulu zambiri zilandira mbande, zibzala, ziimba nyimbo, ndipo pofika Juni sipaonekanso mtengo. Sukulu yodzifesera yokha icita bwino koposa, pakuti mwana sataya msanga mtengo umene anauona ukumera. Pa malo ofufuzira zaulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri anayesa kwa zaka zambiri mitengo yobwezera conde m'nthaka, monga jelejele ndi gliricidia, ndipo alangizi a zaulimi akhoza kuthandiza sukulu kupeza njere zace. Koma mtengo woyenera kuyamba nao ndiwo msangu, cifukwa uli ndi khalidwe lodabwitsa ana: uyoyola masamba pa nthawi ya mvula, pamene mitengo yonse iri yobiriwira, nuphuka m'cilimwe. Cotero suphimba cimanga, masamba ace asanduka manyowa, ndipo nyemba zace zidyedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe pa nthawi yosowa msipu.

Njere ya msangu iri ndi khungu lolimba, ndipo iyenera kudulidwa pang'ono m'mphepete ndi mpeni kuti madzi alowe. Muzu wace utsika msanga, motero mapepala ofeseramo aikidwe pa thandala, osati pa dothi, ndipo mbande zisagonere miyezi yambiri m'nazale. Kufesa kucitike kumapeto kwa Okutobala kapena kuciyambi kwa Novembala. M'munda zibzalidwe motalikirana mamita 10, ndiyo mitengo 100 pa hekitala imodzi. Ana auzidwe zoona, kuti mtengo umenewu ucedwa kukula, ndi kuti phindu lace leni leni adzaliona ali akuluakulu.

Cobvuta cina ncakuti 15 Disembala igwa sukulu zitatseka. Cifukwa cace mphunzitsi asadikire tsikulo: ngati mvula yakhazikika, mbande zibzalidwe sabata lomaliza la temu, ndipo mtengo uli wonse ucingidwe ndi minga cifukwa ca mbuzi. Ana okhala pafupi ndi sukulu apatsidwe mitengo yao ndi maina ao, kuti aipalire pa holide, ndipo mmodzi wa iwo atenge rula ndi buku la mvula, pakuti mvula ya Disembala ndi ya kuciyambi kwa Januwale isasowe m'bukumo.