Setifiketi ya Mwana wa ku Chikweo ndi Malamulo a ku Lilongwe

Mawu amene anayankhula mmodzi wa ophunzira akale pa msonkhano wathu wa pachaka

 Ndithokoze komiti pondipatsa mpata uno. Anandipempha kuti ndiyankhule za malamulo a zamaphunziro, makamaka okhudza mayeso, masetifiketi ndi mabungwe amene amayang'anira zimenezi. Ndikudziwa kuti ena mwachokera kutali, ku Nayuchi, ku Ntaja, ena ku Phalula ndi ku Utale, ndipo nsima ikudikira. Choncho sindizungulira.

M'chipinda muno tilimo a mibadwo yosiyana, ndipo mapepala amene tinasunga pansi pa sutikesi nawonso ngosiyana. Achikulire angapo ali ndi setifiketi ya Cambridge, yomwe mayeso ake ankachokera ku Mangalande. Mu 1969 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe lathulathu la mayeso, ndipo mayeso oyamba a MCE analembedwa mu 1972 mothandizana ndi bungwe lina la ku Britain. Mu 1987 aphungu anavomereza kuti bungwe limeneli liphatikizidwe ndi nthambi ya mayeso ya ku Unduna wa Zamaphunziro, ndiye kubadwa kwa MANEB imene tikuidziwa ku Zomba, yolembetsa mayeso a Sitandade 8, a JCE ndi a MSCE. Ndanena zakazi kuti muone chinthu chimodzi. Pepala lililonse limene tili nalo linayima pa lamulo. Bwana amene anakulembani ntchito sanakuoneni mukulemba mayeso. Anakhulupirira chidindo, ndipo chidindocho chinali ndi mphamvu chifukwa kuseri kwake kunali lamulo la dziko.

Kuchokera nthawi imeneyo mabungwe achuluka. Ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, yokonza masilabasi. Mu 1999 kunabwera TEVETA, yoona za maphunziro a ntchito zamanja. Mu 2011 lamulo linakhazikitsa NCHE, yoyendera ndi kuvomereza sukulu zaukachenjede. Mu 2013 aphungu anapanga lamulo latsopano la zamaphunziro, limene linalowa m'malo mwa lija la 1962. Tangoganizani, lamulo lolembedwa dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira linatiyendetsa zaka 51, ulamuliro wonse wa a Kamuzu mpaka kulowa nalo m'matipate. Lamulo la 2013 ndilo linanena kuti sukulu ya pulayimale ndi yokakamiza, ndiponso ndilo linakhazikitsa khonsolo yolembetsa ndi kuyang'anira aphunzitsi.

Tsono wina atha kunena kuti malamulo alipo okwanira, mabungwe alipo okwanira, nanga vuto lili pati? Ndikuyankheni ndi nkhani ya JCE, chifukwa kwa ine imeneyi ndiyo sikelo yoyezera lamulo lililonse limene angatibweretsere.

Mu 2015 Unduna wa Zamaphunziro unalengeza kuti mayeso a Folomu 2 atha. Omaliza analembedwa mu 2016. Zifukwa zake sizinali zopusa ayi. Anati mayesowo amadya ndalama zambiri, ndiponso kuti masiku ano palibe amene amalembedwa ntchito ya muofesi ndi JCE monga zinkakhalira kale. Kenaka mu February 2020 unduna womwewo, m'boma lomwelo, unalengeza kuti JCE ibwereranso, ndipo inalembedwa mu 2021. Kuchotsa kunatifika ngati chilengezo, kubwezera nakonso kunatifika ngati chilengezo. Tinangomva pa wailesi.

Tiwerengetsere pamodzi. Ana amene anali mu Folomu 2 mu 2017, 2018, 2019 ndi 2020 sanalembe JCE. Amenewo ndi magulu anayi. Amene anapitirira mpaka Folomu 4 n'kukhoza, nkhaniyi sinawapweteke kwenikweni. Koma inu ndi ine tikudziwa bwino kuti kuno kwathu si onse amene amafika Folomu 4. Mtsikana wa ku Chikweo amene bambo ake anamwalira ali mu Folomu 3, fizi n'kusowa, anatuluka pa sukulu ya sekondale atakhalapo zaka ziwiri ndi theka wopanda pepala lililonse losonyeza kuti anapondako. Mnyamata wa ku Ulongwe amene anasiya sukulu n'kukwera basi ya ku Joni, chimodzimodzi. Mkulu wake wa 2016 ali ndi setifiketi, mng'ono wake wa 2021 ali ndi setifiketi, iye yekha pakatipo alibe, ndipo sanalakwe kanthu. Amene anaganiza za ndalama zosindikizira mapepala a mayeso anali kuona mwana wa m'tauni amene njira yake imafika ku MSCE mosakayika. Mwana wa pa sukulu yoyendera ya kumudzi, amene JCE inali chinthu chokhacho choti atulukire nacho, sanam'funse.

Sindikunena pano kuti JCE ndi yabwino kapena ndi yoipa. Pakati pathu pali aphunzitsi amene amati ana anayamba ulesi itachotsedwa, popeza ankadziwa kuti alowa Folomu 3 zivute zitani. Palinso ena amene amati mayeso a dziko lonse atatu m'zaka khumi ndi ziwiri ndi ochuluka, ndipo amachititsa mphunzitsi kuphunzitsa mayeso m'malo mophunzitsa mwana. Onsewa ali ndi mfundo. Changa ndi chakuti nkhani yotere siyenera kugamulidwa Lachinayi masana pa msonkhano wa atolankhani. Iyenera kudutsa m'Nyumba ya Malamulo, kumene phungu wa ku Machinga kapena wa ku Balaka angaimirire n'kufunsa kuti, nanga amene asiyire panjira mudzawapatsa chiyani? Lamulo liyenera kutchula masetifiketi a dziko ndi maina awo, ndi kunena kuti palibe imene ingachotsedwe popanda aphungu kukambirana, popanda kufunsa makolo ndi aphunzitsi, ndiponso popanda kupereka zaka zokonzekera.

Anzathu ena a m'boma amatsutsa ganizo limeneli, ndipo ndiwachitire chilungamo. Amati ukamanga zonse m'lamulo, zinthu zimauma. Kusintha kakang'ono kamadikira aphungu, amene nthawi zina bilo imawakhalira pa tebulo zaka. Amatikumbutsa za lamulo lija la 1962. Zoona. Silabasi ya sayansi isadikire aphungu, tsiku lolemba mayeso lisadikire aphungu. Koma kukhalapo kapena kusakhalapo kwa setifiketi ndi nkhani ina. Kuchedwa kwa chaka chimodzi pa nkhani imeneyi n'kopepuka poyerekeza ndi magulu anayi a ana aja.

Chachiwiri chimene ndikufuna tichiyang'ane m'lamulo lililonse ndi ichi: bungwe likalakwa, limayankha kwa yani? Nonse mukukumbukira November 2020. Ana anali atakhala kunyumba miyezi yambiri chifukwa cha Covid-19, anabwerera, anayamba kulemba MSCE, kenaka likasa linafalikira pa mafoni ndipo mayeso onse anathetsedwa. Analembanso mu January 2021, mvula ili pakati. Kholo la ku Nsanama limene linagulitsa mbuzi kuti mwana apeze ndalama ya lendi ndi chakudya pafupi ndi malo olembera, linafunika kupezanso mbuzi ina. Boma linataya ndalama, inde, koma za boma zimalembedwa m'mabuku. Za kholo lija sizinalembedwe paliponse. Malamulo athu amadziwa kulanga mwana wopezeka ndi kapepala m'sokosi. Ndikufuna lamulo limene limanenanso momveka chimene bungwe liyenera kuchita kwa ana osalakwa, limene limalamula kuti lipoti la kafukufuku liperekedwe ku Nyumba ya Malamulo ndi kuwerengedwa poyera, ndiponso limene limaonetsetsa kuti a bodi amasankhidwa chifukwa cha luso lawo, osati chifukwa cha mtundu wa nsalu imene anavala pa kampeni.

Ndipite ku nkhani ya bungwe latsopano. Unduna unakonza bilo yofuna kukhazikitsa bungwe lotchedwa Malawi Qualifications Authority, loti liziika masetifiketi onse a m'dziko muno pa makwerero amodzi, kuti zidziwike kuti pepala ili likufanana ndi liti, ndipo mwini wake angakwere nalo mpaka pati. Anzathu anayamba kale. South Africa inakhazikitsa SAQA mu 1995, Zambia inapanga lamulo la bungwe lake mu 2011, ndipo maiko a SADC ali ndi makwerero awo a chigawo chonse.

Ganizoli ndikulivomereza, ndipo chifukwa chake chili pa siteji ya basi pa Liwonde ndi pa Balaka. Ndi maboma ochepa amene amatumiza achinyamata ku South Africa kuposa athu ano pamodzi ndi Mangochi. Amene akufuna kupitiriza maphunziro kumeneko kapena kulowa ntchito yofuna mapepala, amauzidwa kuti setifiketi yake iyambe yaunikidwa ndi a SAQA. Dziko likakhala ndi makwerero omveka, kuunikako kumaphweka. Ngakhale kuno komwe, amisiri athu anavutika zaka zambiri ndi mapepala atatu oyenda pambali pa linzake: la mayeso a ntchito a ku Unduna wa Zantchito, la MANEB, ndi la TEVETA. Kalipentala mmodzi, macheka amodzi, koma wolemba ntchito osadziwa kuti pepala lolemera ndi liti.

Komabe ndili ndi mafunso atatu, ndipo ndikupempha kuti muwatenge kwanu. Loyamba, bungwe latsopanoli lisiyana pati ndi NCHE, TEVETA ndi MANEB? Ngati malire sanalembedwe bwino, tidzangowonjezera ofesi ina, bwana wina, galimoto zina, ndi chindapusa china choti mwana alipire. Lachiwiri, mapepala akale adzaikidwa pa khwerero liti? MCE ya achikulire athu, setifiketi ya T2 ndi T3 ya aphunzitsi athu akale, zimenezi zilembedwe, mwina tingadzauzidwe tsiku lina kuti kompyuta sikuzidziwa. Lachitatu, munthu wa ku Ngokwe wofuna kuti pepala lake litsimikizidwe adzayenera kukwera mpaka ku Lilongwe? Ndalama ya ulendo wokhawo ndi thumba la feteleza.

Za aphunzitsi ndingodutsapo. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi, mwana wa konkuno ku Machinga, linachotsa fizi ya ku pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira zauphunzitsi, ena a JCE yomweyi, n'kumawaphunzitsa ali kale pa ntchito. Ena a iwo akhala m'chipinda muno, ndipo ndi amene ananyamula sukulu za kumidzi pansi pa mitengo ya mango. Khonsolo ya aphunzitsi ndi chinthu chabwino, pakuti dokotala ndi namwino ali ndi makhonsolo awo. Koma kulembetsa kukhale njira yokweza mphunzitsi wotere, yomutsegulira khomo ku koleji ya aphunzitsi ya Machinga kapena ku Domasi, isakhale chikwanje chodulira amene anabwera pa nthawi ya mavuto.

Nanga ife tichitepo chiyani? Ambiri timaganiza kuti bilo ndi nkhani ya aphungu okha. Si choncho. Bilo ikawerengedwa koyamba m'Nyumba, kawirikawiri imatumizidwa ku komiti, ndipo pali komiti ya aphungu yoona za maphunziro. Komiti imeneyi imalandira maganizo olembedwa kuchokera ku mabungwe. Bungwe la aphunzitsi limalemba, eni sukulu zoyima pazokha amalemba, a mipingo amalemba. Mabungwe a ophunzira akale, amene muli maloya, anamwino, apolisi, ochita malonda ndi alimi, nthawi zambiri timangokhala chete, tikumakangana za mtundu wa malaya a chikumbutso. Ikadutsa kachitatu, Pulezidenti amakhala ndi masiku 21 oti asayine, ndipo pamenepo madzi amakhala atafika kale m'khosi. Nthawi yathu ndi ya ku komiti.

Tilinso ndi chida china chimene sitikuchigwiritsa ntchito. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Tingathe kulemba kalata ku ofesi ya zamaphunziro ya chigawo chathu cha kummwera chakummawa ku Zomba, yomwe imayang'anira Machinga, Balaka, Mangochi ndi Zomba, kufunsa kuti pa ana amene analowa Folomu 1 pa sukulu zoyendera za m'maboma athu, ndi angati anafika Folomu 4, anyamata angati, atsikana angati. Phungu akamaimirira ndi manambala otere m'manja, nduna siyankha mwachidule.

Choncho, a Wapampando, ndikupempha msonkhano uno usankhe anthu asanu, awiri a ku Balaka, awiri a ku Machinga, ndi mphunzitsi mmodzi amene akadali pa ntchito. Ntchito yawo ikhale kulemba kalata ija ya ku Zomba mwezi uno usanathe, kupeza makope a lamulo la 2013 ndi a bilo iliyonse ya zamaphunziro imene ingafike m'Nyumba, ndi kutilembera mwachidule m'Chichewa ndi m'Chiyao m'kalata yathu ya nkhani yotsatira. Ndalama ya mapepala ndi ya ulendo umodzi wa ku Zomba ndiyamba kupereka ndine, msungichuma andipeze tikatha kudya.