Kumpezera Tambala Mudzi Wina

Nkhuku yathadzi ikafungatira mazira, pakupita masiku 21 anapiye amaswa, ndipo pafupi-fupi theka la iwo amakhala atambala. Ali ang'ono palibe wodandaula. Bvuto liyamba pa mwezi wacinai kapena wacisanu, pamene tambala wamng'ono ayamba kuyesa mau ace.

Kumudzi kulira kwa tambala ndiko kumadzutsa anthu kupita kumunda. Koma ku Wusakile ndi Chamboli, ku Kantanshi ndi Mpatamatu, nyumba ziri zoyandikana, ndipo anthu sagona nthawi imodzi. Mwamuna amene waturuka mumgodi m'mawa, atagwira nchito usiku wonse, ayenera kugona usana, koma tambala wa mnansi wace sadziwa za mashifiti: alira m'bandakuca, aliranso dzuwa liri pamutu. Munthu wosagona bwino atsika pansi ali ndi tulo m'maso, ndipo kumeneko kuodzera kwa kamphindi kungapundule iye mwini kapena mnzace.

Ena amayesa kumbvundikira ndi dengu kuti asaone kuca. Sizithandiza kweni-kweni. M'caka ca 2013 akatswiri a ku Nagoya University, ku Japan, anasonyeza kuti tambala ali ndi nthawi yace m'thupi mwace. Ngakhale asungidwe m'cipinda cimene kuwala kwace sikusintha usana ndi usiku, amalirabe pa nthawi yace. Ndiponso mai wofuna mazira akudya safunika tambala konse, pakuti mathadzi amaikira popanda iye. Wofuna anapiye, tambala mmodzi amkwanira pa mathadzi khumi. Waciwiri ndi wacitatu nchito yao ndi ndeu ndi kutha gaga.

Njira yapafupi ndiyo mphika, ndipo palibe manyazi pamenepo. Koma kuli atambala ena osayenera mpeni: wa mtundu wabwino, monga Rhode Island Red kapena Black Australorp, amene ku Malawi amachedwa Mikolongwe, kapenanso uja anacita kupatsa apongozi, amene adzamfunsa ndithu tsiku lakudzaceza. Wotereyo afunika kumpezera mudzi wina.

Kumtaya kuchire ndiko kupatsa agaru ndi nkhandwe. Kumponya usiku kumpanda kwa eni ndiye koipa koposa, cifukwa munthu wopeza tambala wacilendo pakhomo pace m'mawa saganiza za ndiwo iai. Aganiza za ufiti, ndipo nkhani imene inayamba ndi phokoso itha ndi mlandu.

Malo abwino ali kwa anthu a minda kunja kwa tauni, kapena kumudzi. Kumeneko tambala wacilendo ali ndi phindu, pakuti tambala akakhalitsa pakhomo limodzi amakwera ana ace omwe, ndipo nkhuku zimayamba kufooka. Mwini wanzeru amsinthanitsa ndi msoti, naturuka m'bvuto ali ndi mazira.

Tsono pali cinthu cimodzi coopsya: citopa. Nthenda iyi ingamalize nkhuku za mudzi wonse m'masabata owerengeka, makamaka m'cilimwe, ndipo kawiri-kawiri imalowa ndi nkhuku yamphatso kapena yogula pamsika. Nkhuku ingakhale nayo m'thupi kufikira masiku 15 isanaonetse kudwala. Tambala amene aodzera, wagwetsa mapiko ngati wabvala jekete, acita zitosi zobiriwira kapena wapindika khosi, asapite kwa munthu ali yense. Ngakhale wooneka wamphamvu asacoke ngati m'khola mwace mwafa nkhuku posacedwapa. Katemera alipo, wa dontho limodzi m'diso, wobwereza pa miyezi inai iri yonse, ndipo a ofesi ya za ziweto ndiwo auza kumene apezeka. Tambala alandire dontho lace masabata awiri ulendo usanafike. Munthu amene anatumiza mphatso imene inatha nkhuku za amai ace, za amalume ndi za amfumu, mudzi sumuiwala msanga.

Ulendonso uli ndi zace. Kucokera ku Kitwe kupita ku Chipata ndi makilomita oposa 900, ndipo pa ulalo wa Luangwa pamatentha kwambiri. Tambala womangidwa miyendo ndi kuponyedwa pakati pa matumba angafike ali mtembo. Ayende m'dengu lolowa mphepo, nalandire madzi pamene basi yaima.

Atafika, akhale m'khola la yekha masabata atatu, kutali ndi nkhuku za pakhomo, kuti ngati ali ndi nthenda ioneke pa iye yekha. Pambuyo pace amlowetse kwa zinzace madzulo, zitagona kale. Ngati pakhomopo pali tambala wakale, kuli bwino kuti iyeyo ayambe walowa mumphika, cifukwa sadzampatsa mlendo mathadzi ace popanda mwazi.